Mankhwala Otsala a Goro

A Kuwabara sankataya kanthu. Ngakhale mapepala okulungira mphatso ankawasita n'kuwasunga. Ndiye galu wawo Goro atafa, akazi awo a Tomie n'kunena kuti mankhwala ake a nkhupakupa ndi utitiri atayidwe, iwo anangoti "Ndataya," chonsecho timachubu titatu tili phee m'kabati ya nsapato.

Tsopano a Tomie anali m'chipatala atachitidwa opaleshoni ya chiuno, ndipo mphaka wawo Mikan, amene ankamukonda ngati mwana, anamusiya m'manja mwa amuna awo. M'mawa wina Mikan ankangodzikanda. A Kuwabara ataona utitiri pamphasa anakumbukira timachubu tija, n'kufinyira kamodzi pakhosi pa mphakayo uku akudzitama kuti kusunga n'kwabwino.

Pasanathe maola atatu, Mikan anali akunjenjemera thupi lonse, dovu lili chuchuchu, miyendo ikukana kuima. Mantha anawagwira a Kuwabara. Anamukulunga m'thaulo, kumuika m'basiketi ya njinga, n'kupalasa ngati mnyamata, chonsecho ndi munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri.

Dokotala wa ziweto, mayi Hayashida, anangoyang'ana kamodzi kachubu kamene a Kuwabara anabwera nako.

"Agogo, chithunzi chili apachi ndi cha mphaka?"

"Ndi cha galu. Koma utitiri si umodzimodzi?"

"Utitiri ndi umodzimodzi, koma mankhwala awa kwa mphaka ndi poizoni. Khalani apo."

Anamusambitsa Mikan ndi sopo, kumubaya jakisoni, kumuika diripi. Kunjenjemera kunachepa koma sikunathe. Dokotala anati zoti apulumuka kapena ayi zidziwika mawa.

Nthawi itakwana 12 koloko foni inalira m'thumba. A Tomie ankaimba nthawi imeneyi tsiku lililonse, osati kuti amve mawu a amuna awo ayi.

"Bambo, mwadya? Tamuikani Mikan pafonipo andilirire."

A Kuwabara anayang'ana mphaka uja ali gone m'kakhola, maso ali otseka. Bodza linafika pakamwa, koma linakana kutuluka.

"Mayi, tili kwa dokotala. Ndinamuthira mankhwala a Goro aja."

 Mawu a Tomie anabwera motsitsa, opanda ukali, ndipo bola akanakalipa.

"Paja munati munataya."