Botolo la Enoki

Lezala linali likadali pamutu pa Susana pamene nkhwangwa zinayambanso kulira kuphiri. Masiku onse a maliro a mwamuna wake, Enoki, ankazimva ali m'nyumba, n'kumadzitonthoza kuti ndi nkhuni zophikira anthu obwera kudzalira. Koma maliro anali atatha, olira a ku Dzoole atabwerera kwawo. Nanga za lerozi adzaphikira yani?

Gideoni, mng'ono wa malemuyo, sanabise n'komwe. Anati fodya wa chaka chino akufuna zigafa zatsopano, mitengo yotsalayo aotchera njerwa, ndipo kanjira kodutsa m'nkhalangomo watseka, anthu asamapondeponde malo a eni.

"Alamu, achimwene anu aisunga nkhalango ija zaka makumi atatu," anatero Susana.

"Yawapindulira chiyani? Inu ndinu mtengwa, mlamu. Za nthaka tisiyireni eniake."

Mawuwo anamulasa, poti anali oona. Kwawo kunali ku Chezi. Kuno analibe ngakhale chitsa choti n'kuchitcha chake.

Enoki anali munthu wovuta kumumvetsa. Wa imvi kale, koma m'mawa uliwonse liwiro, kudutsa m'nkhalango mpaka kumapiri a ku Ntchisi n'kubwerera. Kanjirako anakana kukatseka: amayi opita kuchigayo, ana a sukulu, othamanga ochokera ku Boma Loweruka, onse ankadutsa mwaulere, bola asathyole nthambi. Chimene mudzi unkamuseka nacho chinali botolo. Ankanyamuka nalo lodzaza, kubwera nalo lopanda kanthu, koma pofika n'kugwera mtsuko ngati ng'ombe. Susana yemwe ankamukalipira kuti madziwo amangotaya, pamene iye watunga kutali.

Amene anamutola Enoki atagwa panjira tsiku la imfa yake anabweretsa botololo lili ndi madzi theka. Madzulo a tsiku lometalo Susana analitenga, osadziwanso chifukwa chake, nalowera kuphiri.

Pakhomo pa kanjira, masamba aja anaika posonyeza maliro anali atauma, ndipo pamwamba pake Gideoni anali ataunjika minga. Amayi awiri osenza chimanga anaima pamenepo, n'kubwerera kukazungulira kumsewu. Susana anakwinya chitenje, nalumpha.

Kalanga ine, nkhalango ija! Dzuwa la Okutobala linkafika pansi pomwe kale silinkafika. Misuku, miwanga, zonse zitsa zoyera, zikutuluka utomoni. Anafuna kulira koma misozi inali itathera kumanda.

Kenaka anapunthwa pa timiyala toyalidwa mozungulira. Pakati pake panali kamtengo ka mbawa, kofika m'bondo, kothyoledwa ndi chipika chimene anthu anakoka. Patsogolo pang'ono panalinso timiyala tina, kenanso tina. Dothi la m'kati mwake linali losalala, lokumbika pakati, monga pamene pamathiridwa madzi tsiku ndi tsiku. Susana anayang'ana botolo lili m'manja mwakelo, manyazi n'kumugwira.

Kamtengo kachisanu ndi chimodzi kanali kadakali chilili, masamba atalendewera. Anagwada, natsanulira pang'onopang'ono, kuti dontho lisapite padera. Dothi linamwa nthawi yomweyo.

Atadzutsa mutu anaona timiyala tija tikupitirira m'mbali mwa kanjira, kukwera phiri mpaka kumene maso ake sankafika. Kumbuyo kwake mtengo wina unagwa. Anagwedeza botolo, nalipendeketsanso.