Austria wa pa Bedi la Pansi

Watipaso Gondwe anaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina ya ku Rumphi asanavale yunifolomu ya ulonda ku Doha. Choko anachisiya kumudzi, koma pakamwa anabwera napo. Ukangomupatsa moni, umapezeka uli m'kalasi. Anzake a m'fuleti ya ku Rawdat Al Khail ankamuitana kuti Aphunzitsi, ena mwaulemu, ena pofuna kuti atseke pakamwapo.

Fuletiyo inali ya kampani ya alonda, yogawidwa ndi matabwa opyapyala moti wina akatsokomola uku, wa uko ankadzuka. Munali maufumu atatu. Anyamata a kumpoto, kumene Watipaso ankagona, anali ndi makina ochapira. A chigawo chapakati, motsogozedwa ndi Wickson wa ku Dowa, anagwira khichini. Asilamu a ku Mangochi ndi Machinga, omvera Che Faruku, anali ndi khonde, malo okhawo oyanikapo yunifolomu. Ukafuna kuyanika, Che Faruku ankayamba akumbukira ngati anthu ako anawabwereka makina sabata yatha. Ukafuna kuphika, unkadikira Wickson atsuke mapoto ake, ndipo sankafulumira.

Mmodzi yekha analibe ufumu. Nedson Phiri, wa ku Chipata ku Zambia, ndiye anali wamkulu pa onse komanso woyamba kufika ku Doha. Ankayang'anira alonda pa mageti a nyumba za ku Al Duhail, Chiarabu ankachimva, ndipo akalankhula anthu ankasiya zochita. Atasamutsidwira m'fuletimo, anamupatsa bedi la pansi pa Watipaso chifukwa ndi pokhapo panali malo. Watipaso atagwidwa ndi korona n'kutengeredwa kumalo osungirako odwala, Nedson ndi amene ankaimbira mkazi wa Watipasoyo ku Rumphi n'kumamunamiza kuti ndi chimfine chabe.

Mliri utatseka mzinda, moyo unangokhala geti ndi fuleti, fuleti ndi geti. Mikangano inakula. Tsiku lina Wickson ndi mnyamata wa ku Karonga anatsala pang'ono kumenyana chifukwa cha sefuliya, ndipo Watipaso anaima pakati pawo.

"Ajeremani anali choncho!" anakuwa. "Timaufumu toposa makumi atatu, aliyense ndi geti lake ndi msonkho wake. Munthu wonyamula mchere ankalipira pa mlatho uliwonse. Chinenero chimodzi, koma mlendo akabwera ankawapondaponda mmodzimmodzi. Mukudziwa anayambira pati? Sanayambe ndi mbendera ayi. Anayamba ndi kuchotsa mageti a msonkho."

"Khalas, zakwana, Aphunzitsi, sitikulemba mayeso," anatero Wickson.

Koma Watipaso anali wamakani ngati nkhupakupa. Mawa lake anakokera makina ochapira pa kolido, n'kulengeza kuti aliyense achape. Anyamata ake anamunena kuti wagulitsa mtundu. Patapita masiku Che Faruku anasiya chitseko cha kukhonde chotsegula. Wickson analimbalimba, koma yunifolomu zake zikuuma pa chingwe cha anzake, manyazi anamugwira, khichini n'kukhala ya onse.

Kenako kunabwera lamulo latsopano: wantchito atha kusintha kampani popanda kalata ya chilolezo ya bwana wake, bola apereke notisi kudzera pa foni. Woyamba kuyesa anali Macfussy, mnyamata wa ku Ntcheu. Anapereka yekha. Supavaiza wa kampaniyo, amene onse ankamuitana kuti mudir, anamusamutsira ku geti lopanda mthunzi, anamupezera milandu, ndipo mwezi usanathe Macfussy anali m'ndege ndi kachikwama kake. M'fuleti munagwa mantha.

"Mwaona?" anatero Watipaso. "Kaufumu kamodzi amakameza. Koma tikapereka tonse nthawi imodzi, sangatikweze ndege tonse. Mageti ake alondera ndani?"

Anayenda chipinda ndi chipinda mpaka malovu kuuma. Anapezanso hotela ina imene inkatsegulanso itatsekedwa ndi mliri, ndipo manijala wake anavomera kuwatenga onse. Anamulonjezanso Watipaso kuti ndiye adzakhale woyang'anira gululo. Nkhani imeneyi inamukoma kwambiri. Zaka zonsezi akutsegulira ena mageti, tsopano adzakhalanso munthu woimirira kutsogolo.

Lachisanu masana, Asilamu atabwera kokapemphera, akuluakulu atatu, Watipaso, Wickson ndi Che Faruku, anakhala m'khichini kuti amange mfundo. Wickson ndi amene anaponya mwala.

"Ife tilowa, koma pa condition imodzi. Group ikhale ya Amalawi okhaokha. A Nedson ndi a ku Zambia. Komanso ndi shift leader, amamwa tiyi ndi mudir."

"Tiyi ameneyo ine sindinamuone," anatero Che Faruku.

"Ngakhale musamuone. Akalowa iwowo, basi anyamata onse azingoyang'ana iwowo. Chairman akhale Aphunzitsi, amene avutikira zimenezi."

Apa ndiye Wickson anakanda poyabwa. Watipaso ankadziwa bwino kuti Nedson akalowa, ngakhale manijala wa hotela adzasankha Nedson. Ndipo mutu wodzaza mbiri suvutika kupeza chifukwa chabwino cha chinthu choipa.

"Zimenezi zinachitikaponso," anatero akuwongola khosi. "Ajeremani anali ndi mkulu wawo, Austria, wolankhula chinenero chomwecho. Koma Prussia, ufumu wamphamvu pa maufumu aja, inaona kuti atsogoleri awiri sangakwane m'nyumba imodzi. Anamusiya panja Austria, dziko n'kumangika. Zowawa, koma nzeru."

Anagwirizana kuti Lamlungu m'mawa, m'basi yopita ku ntchito, onse adzadina pa foni pamodzi kutumiza notisi asanafike ku Al Duhail.

Anaiwala za matabwa aja. Watipaso atalowa kuchipinda anapeza Nedson ali maso, akusita malaya pa bedi lake la pansi. Anali atagwira ntchito usiku, ndipo onse ankaganiza kuti ali m'tulo.

"Aphunzitsi," anatero Nedson osatukula mutu, "ndiye Austria uja ndine?"

Watipaso anaima pakhomo, Nedson n'kupitiriza kulankhula uku akusita.

"Palibe vuto. Passport yanga ndi ina, zoona. Kwathu ndi kwa a Wickson mutha kuyenda pa njinga, koma passport ndi ina. Ndingofunsa: atamusiya panja, ana a m'kalasi mwanu munkawauza kuti anamva bwanji?"

"Silabasi inkatsata opambana," anayankha Watipaso motsitsa mawu.

"Ehe." Nedson anatembenuza malaya. "Musadandaule. Mudir akandifunsa ndidzati sindinamve chilichonse."

Mawu amenewo anamulasa Watipaso kuposa kutukwanidwa. Onse awiri ankadziwa kuti mudir sadzakhulupirira. Woyang'anira alonda amene anthu ake onse athawa iye osadziwa? Mkwiyo wonse udzagwera Nedson yekha, ndipo njira yake idzakhala ya Macfussy. Munthu wa ana anayi pasukulu, mutu utayamba kale imvi, adzakwera ndege chifukwa Watipaso Gondwe akufuna kuimirira kutsogolo. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka ukali wodzikwiyira yekha.

Loweruka pa nthawi yopuma anaimbira manijala wa hotela. Anamuuza kuti pali munthu wina woonjezera, wodziwa Chiarabu, woyenera kuyang'anira gulu kuposa iye. Manijalayo anafunsa kawiri ngati akumvetsa zimene akutaya. Watipaso anati akumvetsa. Madzulo anauza Nedson kuti malo ake alipo, akonzeretu zonse pa foni.

"Anzanuwo avomera?" anafunsa Nedson.

"Avomera mawa."

Lamlungu m'mawa basi inanyamuka, aliyense atavala chotseka kukamwa, foni m'manja, chala chili chire. Nedson anakhala kumbuyo kwenikweni, akuyang'ana pawindo. Atadutsa maloboti oyamba, Wickson anati, "Yalla, tiyeni Aphunzitsi, werengani tidine."

Watipaso anaimirira, atagwira chitsulo cha basi.

"Ine sindidina a Nedson asanadine."

Basi yonse inachita phokoso. Wickson anadzuka, maso ali psuu.

"Tinagwirizana! Si inu munatiuza za Austria? Buku lasintha usiku umodzi?"

"Buku silinasinthe, achimwene. Ndine ndalikana. Ndipo ndinakuuzani theka lokha. Anthu aja asanakhale ndi mfumu imodzi, chinawagwirizanitsa si passport. Anayamba kuzindikirana chifukwa cha chinenero, nyimbo zawo, ndi mavuto amene mlendo anawamwetsa limodzi. Akuluakulu ofuna mipando ndi amene anabwera pambuyo n'kuyamba kusankha wolowa ndi wotsala. Lachisanu lija wofuna mpando ndinali ine. Udindo wa ku hotela ndaupereka kwa a Nedson. U-chairman sindiufunanso."

"Ndiye ife a Central tituluka," anatero Wickson. "Tione ngati mukwane."

Popanda anthu a Wickson, otsalawo mudir akanatha kuwathyola mosavuta. Zonse zimene anamanga kuchokera pa makina ochapira zinali pafupi kugwa, ndipo nyumba zoyera za ku Al Duhail zinali zitayamba kuoneka. Komabe sanakhale pansi.

"Tulukani. Ine nditsala ndi a Nedson. Akatikweza ndege, tikwera awiri."

Che Faruku, amene samakonda kulankhula m'mawa, anatsitsa pang'ono chotseka kukamwa.

"Wickson, tamvera. Ramadan yathayi, dzuwa likalowa, ndani ankaima pa geti langa kuti ine ndimwe madzi? Wallahi, sanandifunse passport. Ndipo Macfussy wako uja, chikwama chake anamunyamulira ndani mpaka pa basi ya ku airport? Iwe unali ku shift." Anatembenukira kumbuyo. "A Nedson, dinani. Ife tili pambuyo panu."

Nedson anayang'ana Watipaso. Anakweza foni yake. Anadina. Watipaso anadina. A ku Mangochi anadina, a kumpoto anadina. Anyamata a Wickson anayang'ana mtsogoleri wawo, ndipo mmodzi wa ku Mchinji anati chapansipansi, "Akulu, ine amayi anga ndi a ku Chipata komweko," n'kudina. Enawo anatsatira. Wickson anakhala pansi, foni ataigwira ngati yotentha, nkhope atalozetsa pawindo. Palibe anaona ngati anadina kapena ayi, ndipo palibe analimba mtima kumufunsa.

Basi inaima pa geti lalikulu. Mudir anali pamenepo monga mwa masiku onse, atatsamira galimoto yake. Alonda anatsika n'kufola pamzere, Watipaso pakati pawo ngati mlonda wamba. Nedson anapita kutsogolo, n'kumuuza mudir mwaulemu, m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiarabu, kuti apereka notisi.

"Ndani ndi ndani?" anafunsa mudir.

"Onse amene mukuwaonawa."

Mudir anayang'ana mzerewo kuchokera uku mpaka uko, nkhope ikusintha. Kenako anachita zimene Watipaso ankaopa. Anasendera pafupi ndi Nedson, n'kumulankhula mokoma koma mokweza kuti onse amve.

"Awa ndi Amalawi, apite. Iwe si Mmalawi. Zikukukhudza bwanji? Bweza notisi yako, utsale ndi ine, ndikusamala. Anthu awa si ako."

Watipaso anakoka mpweya kuti alankhule, phunziro lonse litafika kale pakhosi. Koma wina anamuyambirira, kumapeto kwa mzere. Wickson anatuluka, anayenda mpaka kukaima phewa ndi phewa ndi Nedson, n'kukweza foni yake kuti mudir aone notisi imene inali itapita kale.

"Mudir," anatero, "uyu ndi wathu."