Mvula ya Galimoto Yofiira

Galimoto yozimitsa moto inalowa ku Ntengo-Wambalame Lachisanu masana ikuliza sireni, ndipo anthu anasiya matumba awo pamsika n'kuithamangira. Nane ndinathamanga, mawondo akudandaula. Nyumba zathu zikupsa pa nkhondo ija, ife tikuthawira ku Malawi, galimoto yotere sitinaione n'kamodzi komwe. Lero nayi, yakalamba ngati ine, yabwera kudzathirira mbatatesi.

Anabwera nayo ndi a Jacinto, amene amagula maambulansi ndi magalimoto a mabombeiro, ozimitsa moto aja, otha ntchito ku Tete n'kumagulitsa kumidzi. Wofuna kugula anali mlongo wanga Alzira. Mtsinje unali utaphwa, kutatsala dziwe limodzi kutali kumunsi, ndipo mbatatesi yake inali itayamba kufota. Akanadikira masiku ena atatu, mbewu yonse ikanapita. Ananeneratu pagulu kuti sagula ndi maso, galimotoyo ithirire kaye munda.

A Jacinto anakatunga padziwe, naimika galimoto kumutu kwa munda, uku akudzitama kuti bomba yake yopopera madziyo inazimitsapo nyumba yosanja kanayi. Analozetsa paipi pamzere woyamba n'kutsegula.

Mzere unauluka. Dothi, masamba, timbatatesi ngati mazira a njiwa, zonse m'mwamba. Wachiwiri nawo chimodzimodzi. Anthu anafa nalo phwete.

"Kodi a Jacinto, mwabwera kudzathirira kapena kudzakolola?" anafunsa a Mateus, a munda woyandikana.

A Jacinto anatseka madzi, thukuta lili kamukamu, nayamba zoti mtengo angathe kutsitsako. Alzira anayang'ana mizere yake iwiri yophwasukayo, anayang'ana kumene mphepo inkachokera, kenako anavula nsapato n'kumangitsa kapulana, chitenje chakecho, m'chiuno.

"Mano Leonardo, achimwene, gwirani paipi kumbuyo kwangaku," anandiuza. "Inu a Jacinto munazolowera kumenya moto. Mbatatesi sinakulakwireni. Tsegulaninso."

Alzira anailozetsa kumwamba. Paipi inatikankha ngati ng'ombe yosaphunzira goli, koma tinalimba nayo. Madzi anakwera kupitirira mabulugamu, nsonga yake inamwazika, ndipo mphepo inawabweretsa pamunda wonse, mvula yeniyeni m'mwezi wa Agosto! Fungo la dothi lonyowa linatipeza, lomwe lija ndinkalifuna zaka zonse m'mizinda ya eni osalipeza. Amayi anaimba nthungululu. A Mateus, amene ankaseka aja, anali kale pakati pa mizere, chipewa m'manja, nkhope kumwamba, akufunsa ngati Lolemba ingafike kwawo.

Pofika ulendo wachitatu wa kudziwe, masamba a kumutu kwa munda anali atayamba kudzuka. Alzira anatambasula dzanja lamatope, a Jacinto naikamo kiyi. Iwo anati sireni aichotsa mwaulere, poti ilibenso ntchito.

"Isiyeni pomwepo," anatero Alzira. "Anthu azimva kuti mvula ikubwera, azichotseratu zovala pachingwe."