Zenera la Mayi Truda

Tangoganizani: pa zenera lodula kuposa onse mumsewu umene munkakhala Mayi Truda, lija la magalasi atatu ndi felemu yoyera mbee, n'chiyani chimene chinasowa?

Mayi Truda ankakhala okha m'nyumba yosanja ya njerwa zofiira mumzinda wa Bytom, imodzi mwa nyumba zija mgodi unamangira antchito ake. Amuna awo fumbi la malasha linawadya kalekale. Mawondo awo anali atadana ndi masitepe, moti kutsika pansi kunali kwa pa Khirisimasi ndi pamaliro basi. Chimene chinawatsalira chinali zenera la pabalaza. M'mawa uliwonse ankalitsegula, kuyala mtsamiro m'munsi mwake, n'kukhazikapo zigongono, ndipo msewu wonse unkadutsa pansi pa chibwano chawo. Wopita kogula buledi ankawagulirako wawo n'kuponya m'kadengu kamene ankatsitsa ndi chingwe. Wochokera ku Misa ankaima n'kuwauza amene wansembe walengeza kuti watisiya. Tsidya lina la msewu, pa zenera loyang'anana ndi lawo, pankatsamira Mayi Hilda, mnzawo wa pa utsikana, amene ankakangana naye tsiku lililonse mosalumpha.

Mavuto anayamba pamene mwana wamkazi wa Mayi Hilda, wokhala ku Germany, anawaikira amayi ake mazenera atsopano.

"Truda, taona kuno!" anakuwa Mayi Hilda akugogoda galasi ndi mphete. "Magalasi awiri, pakati pali mpweya. Chisanu chikumangoima panja ngati wopemphetsa. Iwe bwanji, ukutsekabe ming'alu ndi masokosi a malemu?"

"Masokosi amenewo ndi aubweya weniweni, osati mapulasitiki akowo."

"Nsanje ikukupweteka. Uli ndi mwana wamwamuna wa galimoto ziwiri, koma ukugona mu firiji."

Mawuwo anawalasa Mayi Truda. Lamlungu, mwana wawo Norbert atabwera ndi mkazi wake Wioletta, msuzi usanapakulidwe n'komwe nkhani inali kale patebulo. Norbert sanakane. Mazenera akalewo anali atafumbwa, ndipo chaka chathacho chibayo chinatsala pang'ono kuwatenga amayi ake. Anatulutsa foni n'kuyamba kufotokoza modekha monga ankachitira ku ofesi: pali a magalasi awiri, pali a magalasi atatu. Atatu amasunga kutentha bwino ndipo phokoso sililowa, koma ndi olemera komanso okwera mtengo. Nyumbayi ndi yakale, makoma ake amataya kutentha okha, choncho galasi lachitatu silingathandize kwenikweni.

"Awiri akukwanirani, amayi."

"A Hilda ndi angati?"

"Awiri, ndikuganiza."

"Ndiye ine atatu."

"Amayi, sitikugulira a Hilda, tikugulira inu."

"Ndinakubereka ndi magalasi awiri ine? Bambo ako anapumira fumbi kuti iwe upite kusukulu, lero ukundiyeza pasikelo ngati nyama ya pa butchala?"

Wioletta analankhula maso ali m'mbale. "Komanso amayi, mazenera abwino amathandiza akakhala otseka. Inu lanu limakhala pululu tsiku lonse, tikutenthetsa msewu."

"Msewuwo umandipatsa moni, mpongozi. Ena amabwera Lamlungu ndi maso pa wotchi."

Anabalalika osagwirizana. Lolemba m'mawa mtsamiro unali pamalo pake, ndipo dzuwa lisanafike pamutu msewu wonse unali utadziwa kuti Norbert akuwerengera mayi ake magalasi. Wonyamula makalata anamva. Wogulitsa masamba anamva. Ndipo popeza pakamwa pakatseguka sipadziwa malire, Mayi Truda anawonjezera zina: kuti ndalama zonse za mnyamatayo zikuthera kwa madokotala a ku Katowice, kumene Wioletta akupita mwezi ndi mwezi kufuna mwana amene sakubwera. Nkhani imeneyi Norbert anawauza yekha tsiku lina akulira m'khitchini, atawapempha kuti ithere momwemo. Iwo sanaganize kuti akulakwa. Ankangofuna kuti Hilda amvetse chimene chikuchedwetsa mazenera.

Wioletta ankagwira ntchito mu sitolo ya mankhwala. Pakutha pa sabata, gogo wina wa mumsewuwo anamugwira dzanja pakauntala, anthu ali pamzere, n'kumuuza za masamba ena amene anathandiza mdzukulu wake kutenga pathupi.

Norbert anabwera yekha. Sanavule jasi.

"Amayi, zija ndinakuuzani zafika bwanji ku ntchito kwa Wioletta?"

"Ine ndangouza Hilda."

"Mwauza Hilda mokuwa, msewu uli pakati."

"Nanga ndikanatani, ndiuluke? Khutu lake ndi logontha."

"Wioletta sakudya. Akuti kuno sadzapondanso."

"Ayi, asadzivute. Masitepe athu ndi ambiri."

Norbert anayang'ana mtsamiro uja, wosalala ndi zigongono.

"Ndikukupemphani, amayi. Zenera ili lizikhala lotseka. Munatsala pang'ono kufa nalo, tsopano likundiphera banja."

"Pakamwa ndi panga, zenera ndi langa. Ukadzandiika m'bokosi udzatseke bwino, ukhome ndi misomali."

Iwo ankayembekezera kuti akalipa monga bambo ake. Sanakalipe. Anangogwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kunena motsitsa mawu, "Chabwino. Mwati atatu. Mupeza atatu."

Mayi Truda anaona kuti apambana. Woyeza mazenera atabwera ndi tepi yake, anamusiyira malo mwamsangamsanga, ndipo atangomaliza anabwerera pa mtsamiro kukalengeza. Norbert ndi woyezayo analowa kukhitchini ndi mapepala awo.

"Hilda! Atatu!" anakuwa atakweza zala m'mwamba. "Iwe khala ndi awiri akowo, mphawi wa ku Germany!"

"Atatu a chiyani? Ukufuna kuswa anapiye m'nyumbamo?"

Kumbuyo kwawo anamva woyezayo akukweza mawu pang'ono, ngati munthu wofuna kuti wina amve. "Bwana, mwatsimikiza za la pabalazali? Mayiwa avomera zimenezi?"

Mayi Truda sanacheuke n'komwe. "Ndinavomera kalekale, bambo! Lembani zimene mwana wanga akukuuzani, musamubweze maganizo!"

Kukhitchini cholembera chinayenda papepala.

Masabata odikira anali okoma. Aliyense wodutsa ankauzidwa za kulemera kwa magalasi atatu, za mpweya wapadera wokhala pakati pake, za mwana amene pomaliza anakumbukira bere limene anayamwa. Ngakhale Wioletta, Mayi Truda anamukhululukira mumtima mwawo, ndipo anakonza zoti akadzabwera adzamuphikira keke ya tchizi.

Amisiri anafika masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo. Anawakhazika Mayi Truda kukhitchini ndi kapu ya khofi, chitseko chotseka chifukwa cha fumbi. Ankamva matabwa akale akuthyoka, amuna akubuula pamasitepe ndi katundu wolemera, wina akutukwana mnzake kuti agwiritse. Zenera laling'ono la kukhitchini, loyang'ana kuseri kumene kuli migolo ya zinyalala ndi khoma la shedi ya malasha, analisintha pomalizira. Norbert analitsegula n'kulitseka kawiri kuti amayi ake aone.

"Ili ndi lopepuka, amayi. Mukafuna kamphepo muzitsegula lomweli."

"Ndizicheza ndi makoswe? Tiye ukandionetse langa."

"Ndachedwa kuntchito. Ndikuimbirani."

Anawapsompsona pachipumi osawayang'ana m'maso, n'kutsika masitepe limodzi ndi amisiri.

Mayi Truda anatenga mtsamiro wawo pampando, anaukutumula fumbi, n'kulowa pabalaza. Chimene chinawadabwitsa choyamba chinali bata. Basi inadutsa pansi ngati chithunzi. Galu wa wogulitsa masamba ankatsegula kukamwa popanda mawu. M'chipindamo munali mofunda, mowala kuposa kale, chifukwa magalasi atatu osanjikizanawo ankaoneka ngati galasi limodzi lalikulu, lopanda mtanda pakati. Linali lokongola ndithu, palibe akanatsutsa.

Tsidya lija Mayi Hilda anali pamalo pawo, zigongono pa mtsamiro. Atawaona anakweza dzanja, milomo ikuyenda mofulumira, mwina chipongwe, mwina kuyamikira. Anakodola kuti tsegula, tsegula timve. Pansi panaima mtsikana wa buledi atakweza kathumba, akudikira dengu.

Mayi Truda anamwetulira, anapanira mtsamiro m'khwapa, n'kutambasula dzanja kudzanja lamanja la felemu. Panali posalala. Anayesa kumanzere. Anapapasa m'munsi, anaimirira ndi zala zakumapazi mawondo akulira n'kupapasa m'mwamba, kenako anayambiranso, pang'onopang'ono, kuzungulira felemu yonse.

Zeneralo linalibe chotsegulira. Linali lomata, la mtundu umene sutseguka.