Webusaiti ya Subira wa kwa Mponda

Mwezi wa Okutobala ku Mangochi kumatentha mpaka munthu amayamba kulota ali maso. Koma Subira anali wolota kale ngakhale nyengo yozizira. Ankaphunzira zamakompyuta pa koleji ina yaing'ono ya pa Boma, ndipo m'mawa uliwonse ankachoka kwa Mponda pa njinga ya kabaza, chikwama chili pamiyendo, maso ali pa migwalangwa ya m'mbali mwa msewu, maganizo ali kwina.

Tsiku lina mphunzitsi wawo, Madamu Msiska, mayi wa ku Rumphi amene anali asanazolowerebe kutentha kwa kunyanja, analowa m'kalasi akudzikupiza ndi kachikatoni.

"Temu ino ntchito ya papepala sindilandira," anatero. "Aliyense apange webusaiti yake. Ntchito iliyonse imene ndikupatseni muzikaiika pamenepo, ine ndiziwerengera pomwepo."

Fortunate, mnzake wa Subira wokhala naye desiki imodzi, anafunsa ngati zikhale ngati Fesibuku.

"Ayi. Palibe pothirira ndemanga, palibenso poonera amene wakuwerengani. Mulemba mafayilo anu pa kompyuta, muwatumiza ku seva, ndipo akhala momwe mwawaikiramo mpaka eni akenu muwasinthe. Zili ngati khoma la golosale lolembedwa ndi penti. Wodutsa amawerenga n'kumapita."

"Nanga sevayo ili kuti, Madamu?" anafunsa Subira.

"Kutali. Mwina ku Ulaya, mwina ku Amereka. Zimenezo sizibwera pa mayeso."

Anzake anaseka, koma Subira anali atapita kale. Ankaona chipinda chachitali chozizira, chopanda munthu, timagetsi tikuphethira ngati ziphaniphani, ndipo penapake m'menemo muli kamalo kopanda kanthu kakudikira mawu ake.

Sabata imeneyo anapanga foda, m'kati mwake n'kuikamo fayilo ya tsamba loyamba ndi ina yosankhira mitundu ndi kaonekedwe ka zilembo. Madamu anati tsamba loyambalo aliyense alembepo kuti iye ndi ndani. Ambiri analemba mizere iwiri. Subira analemba dzina lake ndi mudzi wake, kenako za mayi ake, Abiti Wadi, amene amaluka mikeka ya mlaza pakhonde kuyambira dzuwa lisanapse. Atafika pa mchimwene wake, zala zinaima.

Atumani anapita ku Joni Subira ali Fomu 2. Poyamba ankaimba foni pafupipafupi, kenako mwa apo ndi apo, mpaka nambala yake inasiya kulowa. Obwera kuchokera kumeneko ena ankati anamuona ku Durban, ena ankati ayi, anasamukira kwina. Abiti Wadi anasiya kufunsa, koma basi ya ku Joni ikamatsitsa katundu pa depoti ankapeza chifukwa chopitira kumsika.

Subira analemba kuti, "Ndili ndi achimwene anga, a Atumani, amene ali ku Joni." Anafufuta. Analembanso chimodzimodzi n'kusiya.

Pankafunikanso chithunzi chimodzi poyesera kaikidwe ka zithunzi. Anajambula nyumba yawo masana: khonde, mulu wa mlaza, mbuzi itagona pamthunzi, ndi chitseko chabuluu chimene Atumani anapenta atatsala pang'ono kunyamuka. Penti inali itayamba kusupuka chakumunsi.

Tsiku lotumiza mafayilo ku seva, kalasi yonse inali pa makompyuta, fani ya kudenga ikungotakasa mpweya wotentha. Subira anatumiza ake, anadikira, n'kutsegula adiresi yake. Panatuluka tsamba loyera lolembedwa 404, kutanthauza kuti palibe chimene chapezeka. Anamva ngati wagogoda pa nyumba yake yomwe, wina n'kumuyankha kuti kuno kulibe munthu wotere.

Fortunate anasuzumira. "Dzina la fayilo walemba ndi chilembo chachikulu poyamba. Seva imafuna chaching'ono."

Anakonza, anatumizanso. Patapita kanthawi chitseko chabuluu chinayamba kutsika pang'onopang'ono pa sikirini, kuyambira kudenga mpaka pa mbuzi. Anachitsegulanso pa foni yake, ndipo chinabwera. Tsiku limenelo sanakwere kabaza. Anayenda wapansi mpaka kwa Mponda, dzuwa likumuwotcha mutu pansi pa mpango, ali kuganiza kuti nyumba yawo tsopano ili pawiri, ina m'fumbi muno, ina m'chipinda chozizira chija mmene mbuzi sidzadzukanso.

Masabata otsatira anaikapo ntchito za m'kalasi: kalumikizidwe ka mawaya a netiweki, kusiyana kwa mitundu ya mafayilo, lipoti la ulendo wokaona makina a pa ofesi ina. Popeza panalibe njira yodziwira amene wawerenga, ankadzipekera yekha owerenga ake. Nesi wa m'dziko la chisanu akupuma pa ntchito. Bambo wokalamba wa m'sitima yapamadzi amene sadziwa Chichewa koma wakonda mbuziyo. Ankadziwa kuti mwina wowerenga ndi Madamu okha, komabe asanatumize ankakonza ziganizo zake mosamala ngati akusesa pabwalo podikira alendo.

Sanadziwe kuti Fortunate anaika linki ya tsambalo pa sitetasi ya Watsapu, kuti msuweni wa Fortunate wa ku Durban anaitenga n'kuiponya m'gulu la anthu a ku Mangochi okhala kumeneko, ndi kuti m'gululo anthu anatsutsana tsiku lonse ngati nyumbayo ili kuseri kwa mzikiti kapena kufupi ndi chigayo.

Lachisanu lina masana, amuna atabwerako ku mapemphero a Juma kumzikiti, Subira anali pakhonde akung'amba mlaza ndi mayi ake. Foni inalira. Nambala inali yakunja.

"Halo. Ndikulankhula ndi a Subira?" Anali mawu a mzimayi, a kalankhulidwe ka ku Ntcheu.

"Eya, ndine."

"Ine ndine Matilda, ndili ku Durban. Nambala yanu ndapatsidwa ndi msuweni wa anzanu a kusukulu. Pepani ngati ndalakwitsa. Nyumba ya chitseko chabuluu ija ndi ya kwanu?"

"Ndi ya kwathu."

Mzimayiyo anapuma mozama. "Amuna anga akhala akuchiyang'ana chithunzicho kuyambira dzana. Sakudya bwino. Dzina lawo ndi Atumani."

Subira anayang'ana mayi ake. Iwo anali atawerama, akunyowetsa mlaza m'beseni.

"Ali bwino?"

"Ali bwino, alamu. Amagwira ntchito pa galaja. Koma ndi amantha. Ine ndine Mkhristu, ndiye anati akanena kwawo, amayi awakana. Anati anena mwezi wamawa, kenako mwezi winawo, mpaka manyazi anakula kuposa nkhaniyo. Ine ndatopa nazo. Tili ndi mwana wamkazi, wayamba kale kuyankhula, koma sadziwa kuti ali ndi agogo kumeneko."

"Dzina lake ndani?"

"Asiatu."

Limeneli linali dzina la Abiti Wadi la paubwana, limene pamudzi panalibenso wolitchula. Subira anaphimba foni ndi dzanja, anagwada pafupi nawo, n'kuwauza zonse m'Chiyao, motsitsa mawu, osabisa kanthu, ngakhale za chipembedzo cha mzimayiyo. Abiti Wadi anamvetsera manja ali m'madzi. Kenako anawapukutira pa nsalu pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, n'kutambasula dzanja kuti alandire foniyo.

Kumbali inayo kunamveka kukokana, mzimayi akuti, "Tengani, tengani," kenako kupuma kwa mwamuna. Anapereka salamu ndi mawu osweka. Mayi ake anayankha. Panjira panadutsa ngolo ya ng'ombe. Subira ankaona ngati akuonera zonsezi ali pansi pa madzi.

"Atumani," anatero mayiwo potsiriza, "akuti simukudya. Idyani."

Analankhula mpaka bandulo ya Matilda inatha. Za ukwatiwo sanazikhudze tsiku limenelo. Koma sizinali zopepuka. Tsiku lina Subira anawapeza Abiti Wadi kuseri kwa nyumba akulira. Malume ake a Subira atamva anakwiya, n'kunena kuti Atumaniyo abwere yekha adzafotokoze pamaso pa abale. Atumani analonjeza kubwera pa chikondwerero cha Idi. Palibe amene ankadziwa ngati adzabweradi, koma Lachisanu lililonse foni inkalira, ndipo nthawi zambiri woimbayo anali Matilda.

Kukoleji, Madamu Msiska anachonga mawebusaiti onse. Kwa Subira anati ntchito zake n'zabwino, koma tsamba loyamba latalika ndipo chithunzi n'cholemera, chikuchedwa kutseguka pa netiweki yofooka. Subira anavomera, anachichepetsa, ndipo sanawauze chilichonse cha ku Durban.

M'mawa wina akukonzeka kupita kusukulu, anapeza mayi ake atakhala pampando pakhomo, atavala nsalu yawo yobiriwira ya paukwati ndi mpango woyera, m'maso atapaka wanja.

"Mukupita kuti, amama?"

"Palibe. Undijambule, ukandiike pamene unaika nyumba paja. Mdzukulu wangayo azindiona."

"Ndikhoza kungowatumizira pa foni."

"Za pa foni zimafufutika. Iwe unati pajapo chinthu chimakhala mpaka mwini wake achichotse."

Subira anawajambula kangapo chifukwa ankakana kumwetulira. Atafika kukoleji anachichepetsa chithunzicho, anachiika m'foda, anawonjezera mzere umodzi pa fayilo ya tsamba loyamba, n'kutumiza. Pobwerera madzulo anawapatsa foni. Abiti Wadi anaigwirira patali ndi maso, anadziyang'ana nthawi yaitali, kenako anati nsaluyo yaoneka yakuda kuposa mmene ilili, koma aisiye choncho.