Bampala ya Lexus pa Camry ya a Dixon

Kwa zaka zambiri, pa ukwati uliwonse wa Amalawi a ku South Bend mkwatibwi ankakwera Camry yakuda ya a Dixon. Palibe komiti yomwe inakhalapo pansi n'kugamula zimenezo, zinangokhala choncho basi. A Dixon ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ntchito yoti sungaidzitamire pagulu, koma likafika Loweruka la ukwati ankatchena suti n'kukatsegulira mkwatibwi chitseko, amayi akululutira. Tsiku limenelo nawonso ankadzimva kuti ndi munthu m'dziko la eni.

Ndiye kunabwera za Mervin.

Mervin anali mng'ono wawo, mwana wa amayi awo aang'ono. Anakamulandira okha kubwalo la ndege, mnyamatayo mano akugundana ndi chisanu, ndipo ndi iwo amene anamuphunzitsa kuyendetsa kudzanja lamanja. Koma taonani lero! Mwana wadzulodzuloyu anali atamaliza maphunziro a zamankhwala, akugwira pachipatala china chachikulu ku Indianapolis, akukhala ku Speedway, kumene anthu amadzuka ndi kugona akukamba za magalimoto. Naye anagula Lexus yoyera mbee.

Galimotoyo payokha a Dixon akanaipirira. Chimene chinawalasa ndi mawu a akazi awo, a Chrissie, tsiku lomwe Mervin anabwera kudzacheza. Pamene ankanyamuka, mayiwo anaima pakhonde n'kuiperekeza ndi maso mpaka inakhota.

"Koma galimoto iyi kumbuyoku ndiye anakupanga," anatero. "Ikadutsa munthu umachita kutembenuka."

Ha! Zaka zonsezi Camry ikuwanyamula kupita kutchalitchi, kushifiti, kokagula ufa, sanaiyamikirepo ngakhale tayala limodzi. Nsanje inawalowa a Dixon mpaka m'mafupa, ndipo chakudya cha madzulo amenewo anangochitosa.

Posakhalitsa kunamveka za ukwati wa Tiffany, mwana wa malemu mlongo wawo, amene a Dixon anamulera okha kuyambira ali kamtsikana. Ukwatiwo unali wokachitikira ku Indianapolis, kwawo kwa mwamuna. Pagulu la WhatsApp la komiti, wapampando, Mayi Tusekele, analemba kuti, "Za galimoto ya mkwatibwi tikaonere konko, poti amalume alipo awiri." Wina wosaopa Mulungu anaponyapo chithunzi cha Lexus ija, ena n'kumaikapo timitima.

Amalume awiri! Nanga pamene Tiffany ankadwala chifuwa, Mervin anali kuti? Pamene ankalira sukulu yamukanika, anali kuti? Akwatibwi a eni ake onse aja anawanyamula iwo, ndiye mwana wawo yemwe akamunyamule wina? A Dixon analumbira chamumtima kuti zimenezo zidzachitika iwo atafa.

Yogula galimoto ina panalibe. Koma poti chotembenuza anthu ndi kumbuyo, iwo anaganiza zokonza kumbuyoko. Anasakasaka pa intaneti mpaka anapeza bampala ya Lexus, yoyera, yofanana ndendende ndi imene a Chrissie anaisirira. Wogulitsayo anali mzungu wina wa ku Speedway komweko, wokhala ndi galaja yodzaza zitsulo. Tsiku lawo lopuma a Dixon ananama kuti akukagwira ovataimu, n'kutsetsereka ndi msewu wa 31. Atafika ku Speedway anakokera chipewa kumaso kuopa kukumana ndi mng'ono wawo, ngati munthu wokaba nkhuku.

Kunyumba ndiye kunali ntchito. Bampala ya Lexus siidziwa Camry. M'makona inali yotakata, timabowo ta mabawuti sitinkakumana, ndipo inali ndi malo a ekizozi awiri pamene Camry ili ndi paipi imodzi yokha. A Dixon anadula, anaboola, anatenthetsa pulasitiki ndi chowumitsira tsitsi cha akazi awo mpaka inapindika. Pamene mabawuti anakana anamangapo waya, monga ankaonera amakaniko a ku Ndirande ali mnyamata. Kubowo lachiwiri lija anaikako kapaipi konyezimira kongonamizira, kopanda utsi.

A Chrissie ankabwera kudzaima pakhomo la galaja manja ali m'chiuno.

"Bambo a Gray, galimotoyi yakulakwirani chiyani?"

"Galu wamkota sakandira pachabe, mayi."

"Nanga ikufita?"

"Ifita. Isafite bwanji?"

Inafitadi. Mnzawo Chester, amene amadziwa zopenta, anaipopera utoto wakuda, a Dixon n'kuipolisha mpaka kumadzionerapo nkhope. Tinene zoona, inakongola. Ukaiona chakutsogolo inali Camry yomwe ija ya kalekale, koma chakumbuyo, eee, munthu ukanavula chipewa. A Chrissie anaizungulira n'kunena kuti, "Komatu mwayesetsa." Iwo ankafuna mawu oposa pamenepo, koma anangolandira omwewo.

M'mawa wa ukwati anafika kunyumba imene mkwatibwi ankavalira ku Indianapolis. A Dixon anaimika galimoto chafutambuyo, dala, kuti kumbuyo kuloze kumene amayi anasonkhana ndi maliboni ndi mabaluni awo. Nthungululu inaphulika.

"Alamu, mwagula ina?"

"Aa, ndi yomwe ija," anatero a Dixon akupukuta fumbi lomwe panalibe. "Tangoisambitsa pang'ono."

Lexus ya Mervin inali poteropo. A Dixon anaiba diso n'kuona kuti kumbuyo kwake kwasintha, kuli bampala ina yachilendo, ya timapiko takuda kunsi ngati ya mpikisano. Komabe amayi anali ataunjikana pa Camry, ndipo Mayi Tusekele anaima pakati pa magalimoto awiriwo maliboni ali m'manja, kusowa koyambira. A Dixon anaona kuti zinthu zikuwayendera.

Kenaka Mervin anatuluka m'nyumba akumanga tayi.

"Achimwene! Mwafika bwino? Aaa, koma izi ndiye zinthu!"

Mnyamatayo analibe kaduka m'pang'ono pomwe, ndipo chimenecho n'chimene chinkawanyansa kwambiri a Dixon. Anagwada pansi ndi suti yake yomweyo, kuyang'ana m'makona, kugogoda, kuyamikira mmene anadulira. Analowetsa dzanja kunsi n'kumasisita. Mwadzidzidzi dzanja linaima. Anasuzumira, n'kuphulika kuseka, chimwemwe chenicheni cha mwana.

"Ayi, sizoona! Achimwene, iyi si ija ndinachotsa ine? Onani mng'alu uwu, ndinamata ndekha nditagunda chitsulo kuntchito. Ndinangomupatsa neba wanga uja wa galaja kuti aone nayo chochita. Mukanandiuza, bwenzi nditakubweretserani mpaka pakhomo!"

Amayi onse aja anamva mawu amenewo.

Amene sanakulire kwathu sangamve kulemera kwa mawu amenewo. Kwathu malaya amatsika. Mkulu akavala n'kuwatopa amapatsa mng'ono, mng'onoyo n'kudzapatsa womutsatira. Sakwera ayi. Mkulu wovala zimene mng'ono wake wataya amakhala nkhani ya pachitsime chaka chonse, ndipo amayi onse amene anaima pamenepo anali okulira kwathu. Wina anatsokomola. Wina anayamba kufufuza m'chikwama chinthu chomwe sanataye. A Chrissie anangoyang'ana pansi, ndipo a Dixon anaona kuti akazi awo akuwamvera chisoni. Bola akanawaseka.

Mervin anazindikira mochedwa. Anadzuka, kupukuta mawondo, nkhope itagwa.

"Amayi," anatero kwa Mayi Tusekele ndi mawu otsika, "mkwatibwi akwere ya achimwene. Ndi iwo anamulera. Ine ndizitsatira pambuyo."

"Eya, eya, n'zoona zimenezo," anavomera amayi onse pamodzi, mofulumira kwambiri. Maliboni anayamba kumangidwa, nyimbo inayambika, aliyense akulimbikira ntchito kuti asakumane maso ndi mwini galimoto. A Dixon anafuna kukana, anafuna kukuwa kuti sakufuna zopatsidwa ngati wopemphetsa. Koma akanakana bwanji? Si chimenechi chomwe anavutikira m'galaja muja?

Tiffany anatuluka atavala zoyera, wokongola ngati mayi ake. Sankadziwa kanthu. Anawakumbatira amalume akewo n'kunena m'Chingerezi chake chija kuti wasangalala kwambiri. A Dixon anamutsegulira chitseko, amayi analuluta monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno nthungululuyo inangowapyoza m'makutu.

Mdipiti unanyamuka kulowera kutchalitchi pakati pa mzinda, magetsi akuphethira, mahutala akulira. Camry inali patsogolo, pamalo pomwe a Dixon anapalumbirira. Azungu m'mbali mwa msewu ankaima n'kumakweza manja. Tiffany ankaseka kumpando wakumbuyo, akuwafunsa ngati amalume ali bwino.

"Ndili bwino, mwanawe," anatero.

Anakweza maso kuyang'ana pagalasi. Lexus inali pomwepo, mphuno yake pafupifupi kugunda Camry, ndipo msewu wonse wautaliwo panalibe china choti Mervin aziyang'ana koma kumbuyo kwa galimoto ya achimwene ake. Maso awo atakumana pagalasipo, mnyamatayo anamwetulira mopepesa n'kukweza chala chachikulu.

A Dixon anatambasula dzanja n'kupotoza galasilo kuti liloze kudenga. Anayendetsa choncho, osaona za kumbuyo, mpaka kukafika pakhomo la tchalitchi.