Mankhwala a Nkhuku m'Ming'oma ya Agness

Ku Chinzombo aliyense ankadziwa kuti njovu zimalilambalala dimba la Agness. Ming'oma isanu ya njuchi inkalendewera pa waya kuzungulira chimanga chake, ndipo njovu ikangokhudza wayayo, njuchi zinkaithetsa mwano. Agness ankayenda ngati mtsinje wa Luangwa anakumba ndi iye.

Maluwa atauma mu Okutobala, Gideon wa pulojekiti ya njuchi anabwera ndi kaufa m'botolo. Anamudumpha Agness n'kukapatsa Margaret, mlamu wa Agnessyo, yemwe njuchi zake ngakhale mbuzi sizinkaziopa. Gideon anati muufawo muli tizilombo tabwino tokhala m'matumbo a njuchi, totithandiza kugaya chakudya ndi kulimbana ndi matenda, ndipo azisungunula m'madzi a shuga.

Nsanje inamudya Agness mpaka kuonda. Pasanathe mwezi ming'oma ya Margaret inali kulira ngati ndege ya pa Mfuwe, ndipo azimayi a kumpingo anayamba kumutcha mayi wa njuchi, dzina lomwe linali la Agness. Akapemphe ufa kwa mlamu? Bola kufa.

Kwa iye mankhwala anali mankhwala basi. Nkhuku zake zikayamba kuwodzera ankazithirira makapisozi m'madzi, n'kudzuka. Choncho anatsegula makapisozi khumi, kusakaniza ndi shuga, n'kugawira mng'oma uliwonse. Anabwereza katatu kuti Margaret aone polekera.

Patapita milungu itatu Gideon anatulukira padimbapo akumwetulira.

"Mwaswera bwanji, amai? Nabwera kutengako njuchi zina. Uja ufa unachokera kwa imwe. Tizilombo tinatitenga m'mimba mwa njuchi zanu chaka chatha. Zanu ndiye zolimba, sizinafune thandizo."

Atatsegula mng'oma woyamba kumwetulira kunatha. Njuchi zakufa zinali mulu pansi, zotsalazo zikukwawa ngati nyerere. Agness anaulula, maso ali pansi. Gideon sanamukalipire. Anangomuuza kuti kapisozi sasankha, amapha tizilombo tabwino ndi toipa pamodzi, ndipo mbewu ya tizilombo ta njuchi zakezo tsopano yatsala malo amodzi okha, kwa Margaret.

Agness anayang'ana kutsidya. Njovu zinayi zinaima pamchenga, ndipo chimanga chake chinali chitayamba ngayaye.

Masana omwewo anaima pakhomo pa mlamu wake, botolo lopanda kanthu m'manja. Odi wake anatuluka motsika kwambiri moti anachita kubwereza.